Mmene Ndinabzalira Ana 1,201 pa Bwalo la Mpira

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960

Ntchito ya uphunzitsi ndinaiyamba ndili kale ndi mkazi ndi mwana, chifukwa sukulu ndinailowa mochedwa, ndevu zitayamba kumera. Anzanga a m'kalasi ankanditcha "abambo". Zaka zimene ana ena ankaphunzira zilembo, ine ndinali ku esiteti ya tiyi, m'gulu la obzala, ndikukoka chingwe ndi kukhoma zikhomo. Amene anandichotsa kumeneko ndi achemwali anga a Alesi, azakhali anu amene simunawaone. Iwo anapitiriza kuthyola tiyi, dengu kumsana, pamvula ndi padzuwa, kuti ine ndikhale pa benchi. Anamwalira asakudziwa kulemba dzina lawo. Zimenezi zimandilemera mpaka lero, ndipo sindilemba zambiri za izo. Ndangozitchula kuti mumvetse, ana anga, chifukwa chake malo a mwana m'kalasi sindinawaonepo ngati chinthu chamasewera.

Nditamaliza maphunziro a uphunzitsi ananditumiza ku sukulu ina ya pulaimale kufupi ndi Chinakanaka. Makalasi awiri okha ndiwo anali a malata. Choko chinkatha pakati pa teremu, ndipo tinkalemba pa bolodi ndi chinangwa chouma chimene ana ankabweretsa. Nthawi ya njala chokocho chinkasowa modabwitsa. Buku la masamu linali limodzi, langa. Ahedi athu anali a Sambani, munthu wofatsa, woyera zovala, amene sanamenyepo mwana ine ndikuona. Vuto lawo linali limodzi: ankakonda mtendere kuposa china chilichonse. Galimoto ikaima pa msewu, iwo ankayamba kumanga batani la jekete asanadziwe kuti mwatsika ndani.

Masamu ndinkawakonda monga amakondera chinthu munthu amene wachipeza mochedwa. Ana ndinkawauza kuti nambala zili ndi mitundu ngati anthu. Zilipo zoyenda ziwiriziwiri, zilipo zosiya mmodzi wopanda mnzake. Zilipo zokhala pa sikweya, monga 16 kapena 25, zimene mukayala miyala yake m'litali ndi m'lifupi mumafanana. Ndipo zilipo zimene ine ndinkazitcha zamakani, monga 7, 13 ndi 29, zokana kugawidwa ndi nambala ina iliyonse kupatula 1 ndi izo zomwe. Mwana akabweretsa miyala 13 ndinkamuuza kuti aiyale m'mizere yofanana. Amatuluka thukuta, kenako amati, "Aphunzitsi, yakana." Ndinkayankha kuti, "Isiye, ndi mtundu wake. Nawonso agogo ako ali choncho." Chifukwa cha mawu anga aakulu ndiponso kudziwa kwanga chingwe, a Sambani anandipatsanso udindo wa perete, kutanthauza kuimika ana m'mizere pa masiku a zikondwerero.

Pakati pa zaka za m'ma 1970

Chaka china kunabwera uthenga woti nduna idzachititsa msonkhano pa bwalo lathu la mpira, ndipo ana a makalasi akuluakulu a sukulu zinayi za m'dera lathu adzaguba ndi kuimba pamaso pake. Woyang'anira zonse anali a Likhutcha, apampando a chipani m'deralo, eni golosale ndi chigayo. Anali munthu wanthabwala, ndipo anthu ankaseka nthabwala zawo mofulumira kwambiri. Tinakumana mu ofesi ya a Sambani, iwo atakhala pa mpando wa ahedi, ahediwo ataima.

"A Mulipa, ine ndikufuna mizere yowongoka ngati ya asilikali," anatero a Likhutcha. "Pasakhale kamchira kolendewera kumapeto. Ana onse alipo angati?"

"Alipo 1,201, apampando."

Anayang'ana kudenga kanthawi, milomo ikuyenda. Kenako anaseka. "Chotsani mmodzi. Atsala 1,200, mizere 30 ya ana 40. Mwaona? Ine wa golosale ndakupambanani inu a masamu." A Sambani anaseka, inenso ndinaseka. Ndiye a Likhutcha anawonjezera, akutola chipewa chawo: "Wochotsedwayo musavutike kumufuna. Mwana wa telala uja."

Mwana wa telala anali Esinala, mtsikana wa Sitandade 8, wa m'kalasi langa. Bambo ake ankasoka pa khonde la sitolo ku Chinakanaka. Tsiku lina anauza mayi wina wodzasoketsa kuti nsalu ya chipani ya chaka chimenecho imasuluka ikachapidwa. Sananene zambiri kuposa pamenepo, koma mawuwo anayenda, ndipo galimoto ya apolisi inadzawatenga. Kuchokera nthawi imeneyo anthu ankalambalala nyumba yawo. Esinala ankabwerabe ku sukulu, ankakhala kutsogolo, ndipo mayeso olowera ku sekondale anali atayandikira. Inu a masiku ano mungaganize kuti kusaguba ndi nkhani yaing'ono. Masiku amenewo sizinali choncho. Mwana wonenedwa kuti sayenera kuima pamaso pa nduna ankakhala atanenedwanso kuti sayenera kukhala mu sukulu ya boma. Mlungu wotsatira achinyamata a chipani ankadzafunsa chifukwa chake akadali m'kalasi, ndipo panalibe hedi amene akanamulembetsa mayeso. Tonse atatu mu ofesi muja tinkadziwa zimenezo.

A Likhutcha atatuluka, a Sambani anakhala pansi ndi kuvula magalasi.

"A Mulipa, inu muli ndi ana, ine ndili ndi ana. Mungomuuza mwanayo kuti nambala yakana. Si bodza ayi."

"Nambala yakana mizere, ahedi. Siinatchule dzina la munthu."

"Musandiphunzitse masamu. Ndikukupemphani monga mbale wanga."

Ndinawapempha kuti tiwonjezere ana atatu a kalasi laling'ono, chifukwa 1,204 imapereka mizere 28 ya ana 43. Anapukusa mutu. Anati makalasi oguba anatchulidwa kale ndi apampando, ndipo kupita kukapempha kuwonjezera kunali ngati kunena poyera kuti tikuteteza mwana wa telala. Pamenepo sanalakwitse. Njira inatsala imodzi: ana 1,201 omwewo, osachotsa, osawonjezera, aime mooneka bwino kotero kuti wofuna kuchotsa Esinala anene chifukwa chake chenicheni ndi pakamwa pake.

Lamlungu titaweruka ku tchalitchi ndinakhala pa bwalo la nyumba ndi kamtengo, ndikulemba pa dothi. Ndinkayembekeza kuti mwina nambalayi ili ndi zigawo zobisika, chifukwa zilipo nambala zooneka zamakani koma zili ndi pogwira, monga 1,147 imene ndi 31 kuchulukitsa ndi 37. Ndinagawa ndi 2, anatsala mmodzi. Ndi 3, anatsala mmodzi. Ndi 4, ndi 5, ndi 6, ndi 8, ndi 10, ndi 12, paliponse wotsala mmodzi yemweyo, ngati kuti nambalayo yagwirizana ndi a Likhutcha. Ndi 7 anatsala anayi, ndi 11 anatsala awiri, ndi 13 anatsala asanu. Ndinapitiriza ndi 17, 19, 23, 29 ndi 31, ndipo palibe inalowa. Kupitirira apo kunali kutaya nthawi, pakuti 35 kuchulukitsa ndi 35 ndi 1,225, yoposa kale nambala yanga, ndipo chigawo chachikulu chikanakhalapo, chinzake chaching'ono ndikanakhala nditachipeza. Choncho 1,201 inali yamakani yeniyeni. Mzere umodzi wa ana onse, kapena mwana aliyense payekha, basi.

Amayi anu anatuluka ndi lichero naima pambali panga. "Abambo a Joni, mwalemba bwalo lonse. Nkhuku ziyenda pati?"

"Ndikufuna malo a mwana mmodzi."

"Mwana wa eni ake. Anu ali atatu m'nyumbamu, muziwawerenganso amenewo."

Anali ndi mantha, ndipo mantha awo anali oona. Ndinafufuta manambala aja ndi phazi.

M'mawa mwake a Sambani anandituma ku Chitakale kukagula laimu wolembera bwalo. Pobwerera ndinadutsa njira ya m'esiteti momwe ndinakulira. Pa mtunda wina anali atazula tiyi wakale, ndipo munda wonse unali zikhomo zokhazokha, kudikira mbande. Ndinatsika pa njinga kuti ndikankhe, maso ali pa zikhomozo. Pamenepo ndinakumbukira a Jamisoni, kapitawo wathu wa obzala, amene anaphunzira ntchito m'minda ya tiyi ya tsidya la malire. Pa malo otsetsereka sankalola kuti mtengo uime kumbuyo kwa unzake. Ankati, "Iwe, mzere wachiwiri uziima pa mpata wa woyamba, madzi asapeze msewu. Kwathu timati phazi la nkhuku." Mukabzala motero, mzere wina umakhala wautali, wotsatira umachepa ndi mtengo umodzi, koma munda umaoneka wowongoka kulikonse kumene mungaime.

Ndinagoneka njinga. Mitengo inayi ya sikweya ili ndi mpata umodzi pakati, pamodzi 5. Mitengo 9 ili ndi mipata inayi, pamodzi 13. Mitengo 16 ndi mipata 9, pamodzi 25. Ndiye kuti ndinkafuna masikweya awiri oyandikana amene kuphatikiza kwake ndi 1,201. Masikweya ndinawaloweza kale ndili wamkulu pakati pa tiana, pofuna kubisa manyazi. Theka la 1,201 lili pafupi ndi 600. Pamwamba pake pali 625, imene ndi 25 kuchulukitsa ndi 25. Pansi pake pali 576, imene ndi 24 kuchulukitsa ndi 24. Ndinaphatikiza pa fumbi la msewu ndi chala, ndinafufuta, ndinaphatikizanso. 1,201. Mizere 25 ya ana 25, ndipo m'mipata yake mizere 24 ya ana 24. Nambala yokana kugawidwa ija inali ndi mtundu wina umene sindinkaudziwa, ndipo mtunduwo unali wa m'munda. Chinanso ndinachiona ndili pomwepo: kaimidwe aka kali ndi malo amodzi apakati penipeni, pamene mizere 30 ya ana 40 ilibe.

Apa ndi pamene panali chosankha. Ndikanatha kukauza a Sambani, koma ndinkadziwa kuti akanapita kukapempha chilolezo, ndipo chilolezocho sichikanabwera. Ndinangowauza kuti laimu wapezeka ndipo bwalo ndilemba ndekha. A Jamisoni anali akadali moyo, atapuma ntchito, akukhala kumudzi kuseri kwa fakitale. Ndinakawabwereka chingwe chawo chakale cha mfundo. Atamva chimene ndikufuna kuchita anaseka mpaka kutsokomola.

"Mulipa, achemwali ako anakutumiza ku sukulu kuti ukabzale ana a anthu?"

"Ndi okhawo amene ndingathe kubzala tsopano, akapitawo."

"Chingwe changa sindibwereketsa. Ndibwera nacho ndekha, iwe umakhotetsa kuyambira kale."

Anabweradi. Iwo ankakoka chingwe, ine ndinkadontheza laimu pa mfundo iliyonse, mpaka bwalo lonse linadzaza timadontho toyera. Za Esinala sanandifunse ndipo sindinawauze.

Tsiku loyeserera komaliza kunabwera mkulu wa maphunziro wochokera ku boma, kudzaona ngati takonzeka. Anakwera pa nsanja pamodzi ndi a Likhutcha ndi a Sambani. Makolo ambiri anaima m'mbali, ena atangoweruka kumene kothyola. Ndinaliza wezulo ndi kuuza ana kuti aliyense aime pa kadontho, kalasi ndi kalasi. Esinala anatsalira pa golo, manja kumbuyo. Nkhani inali itamufika kale.

"Aphunzitsi, ine ndipite kunyumba?"

"Wadwala?"

"Ayi."

"Ndiye ukundifunsiranji? Kadontho ako kali apo, pakati pa Mele ndi Dolofe. Fulumira."

Sindinamuike kutsogolo, sindinamubisenso kumbuyo. Anaima pamene kalasi lake linali. Ana onse ataima, panalibe kadontho kotsala ndipo panalibe mwana wotsala. Amayi othyola tiyi ndiwo anayamba kuzindikira. Mmodzi anakuwa kuti, "Taonani, aphunzitsi abzala ana athu phazi la nkhuku. Tidzathyola liti?" Wina anati, "Wanga uyo musamuthire feteleza, ndi wamtali kale." Anthu anaseka bwalo lonse. Ine ndinakwera nsanja.

"A Mulipa, mizere iyi siyofanana," anatero a Likhutcha, osaseka. "Uwu ndi wautali, uwu ndi waufupi."

Mkulu wa ku boma uja sanawamve bwino, chifukwa anali akuyenda uku ndi uku pa nsanja, akusuzumira. "Taimani apa, apampando," anatero. "Nkhope ya mwana aliyense ikuoneka, palibe wobisika kumbuyo kwa mnzake. Ndipo mukayang'ana chopingasa mizere ndi yowongokabe. Izi sindinazione kwina."

"Ine ndinati mmodzi achoke," anatero a Likhutcha motsitsa mawu, akuyang'ana ine.

"Ndinayesa, apampando," ndinayankha mokweza pang'ono kuti mlendo amve. "Koma apa akachoka mmodzi patsala chibowo ngati dzino lozuka, ndipo a nduna achiona. Ana 1,201 akukwana ndendende. Chimene chikusowa ndi china. Onani pakati penipeni paja: kuchokera pamenepo ana ndi ofanana kumanja ndi kumanzere, kutsogolo ndi kumbuyo. Pamafunika mwana wamtali wonyamula mbendera. Ndimaganiza za Fulanki wanu."

"Ameneyo ndi mwana wa apampando?" anafunsa mlendo. "Zakhala bwino kwambiri. Musasinthe kanthu."

A Likhutcha anayang'ana bwalo, anayang'ana kumene kunali Sitandade 8, anayang'ananso pakati. Kuti achotse Esinala tsopano anayenera kunena pamaso pa mlendo kuti akufuna kuwononga chinthu chimene mlendoyo wangochiyamikira, ndiponso kuchotsera mwana wawo mbendera. Potsiriza anati, "Fulanki ndi wamtalidi." A Sambani anapukuta magalasi awo nthawi yaitali.

Fulanki anali mnyamata waulesi amene sankasiyanitsa dzanja lamanja ndi lamanzere, ndipo analipo ana ambiri oyenera mbendera kuposa iye. Ndinamupatsa ndikudziwa. Ndikanabwerera ku tsiku limenelo ndikanamupatsanso.

Tsiku la msonkhano zonse zinayenda bwino. Nduna inaimirira poombera m'manja. Koma m'mawa umenewo ana angapo sanabwere chifukwa cha malungo, monga zimakhalira paliponse pamene pali ana ochuluka chotero. Mipata yawo ndinaikankhira ku mizere yaifupi ya kumbuyo, ndipo palibe mlendo anaona chibowo. Munda wa tiyi ndi mmene ulili, mtengo umodzi ukafa pakati anzake amaphimba. A Likhutcha okha ndiwo anaona, pakuti munthu wa golosale amadziwa shelefu yoperewera. Anazindikira kuti nkhani ya dzino lozuka ija inali yongowatsekera pakamwa.

Patapita masiku ndinapita ku golosale kwawo kukagula palafini. Ananditumikira okha, mwaulemu wonse.

"Aphunzitsi, masamu anu ndi ambiri," anatero akuthira m'botolo. "Pano malo akukucheperani. Ana a kumalire nawonso akuwafuna."

"Kulikonse kuli ana, apampando."

"Eya. Kulikonse."

Kumapeto kwa chaka chomwecho

Kalata yondisamutsa inafika mayeso asanalembedwe. Ananditumiza ku kasukulu ka kuseri kwa phiri, kufupi ndi malire, kumene basi inkalekezera kutali ndipo nyumba ya mphunzitsi inali yofolera ndi udzu. Za kumeneko, ndi za mchimwene wanu amene anabadwira m'nyumba imeneyo mvula ikudontha, ndi nkhani ya payokha. Amayi anu sanandilankhule bwino kwa nthawi yaitali. Anasiya dimba la nandolo litachita maluwa, anasiya anzawo a kwaya, anasiya chipatala chapafupi. Sindinawauze kuti akulakwitsa, chifukwa mtengo wa chosankha changa analipira ndi iwo pamodzi ndi inu, popanda kufunsidwa.

A Sambani anandidabwitsa. Madzulo a tsiku lomaliza anabwera kunyumba, jekete itamangidwa mabatani onse, nakhala pa mtolo wa mphasa.

"Mtsikana uja ndamulembetsa mayeso," anatero. "Achinyamata anabwera kudzafunsa. Ndinawauza kuti mwana ameneyu anaima pamaso pa a nduna, a nduna anamuombera m'manja. Ngati iwo akuona kuti a nduna analakwitsa, akanene okha."

"Munatero, ahedi?"

"Ndinatero. Kenako ndinakagona tsiku lonse."

Tinanyamuka m'mawa pa ngolo ya thirakitala ya esiteti imene a Jamisoni anatipemphera. Katundu anali bedi, mphasa, mapoto, nkhuku m'dengu, njinga ndi inu ana. Msewu unkadutsa m'mbali mwa sukulu, pafupi ndi kalasi la Sitandade 8, limene mazenera ake analibe magalasi. Ana ena atamva thirakitala anadzuka nayamba kutibayibitsa. Amayi anu anandigwira mkono.

"Mwana wanu uja ndi uti? Ndimuone amene watisamutsayu."

Ndinawalozera benchi ya kutsogolo, pafupi ndi bolodi. A Sambani anali atalemba masamu ndi chinangwa, ndipo Esinala anali atawerama, cholembera m'manja. Sanadzutse mutu. Amayi anu anamuyang'ana mpaka thirakitala inakhota pa mabulugamu, kenako anakonza dengu la nkhuku limene linkapendekeka.

"Akulemba," anatero.